Ndudu Imodzi, Dengu Limodzi

Madzi a mumgolo anali atayamba kale kuwira pamene Fyness anamva chifuwa cha amuna ake chikuchokera kumsewu. Anthu ena amadziwika ndi mayendedwe, ena ndi likhweru. A Yoramu ankadziwika ndi kutsokomola, ndipo pa Liwaladzi ngakhale agalu anali atakuzolowera.

Fyness sanacheuke. Anali atanyamula dengu la usipa ndi manja awiri, nthunzi ikumuwawula kumaso. Madengu ena asanu ndi awiri anali pamzere, ntchentche zitayamba kale kuwazonda.

"Mwachedwa," anatero. "Ndimayesa mukwera minibasi yoyamba. Khalani pansi muyatse."

A Yoramu, amene anagona ku boma kwa mphwawo atachoka kuchipatala, anakhaladi pachitsa chawo cha masiku onse pansi pa mtengo wa mango. Anaika manja pamaondo. Machesi sanamveke.

"Bambo a Rute, nsomba sizidikira munthu. Yatsani."

"Ndasiya, NyaLongwe," anayankha, akumuitana ndi mfunda wake monga mwa masiku onse. "Fodya ndasiya. Kuyambira dzulo masana."

Fyness anatula dengu pansi, napukuta manja pachitenje, n'kuwayang'ana monga amayang'anira nsomba imene akuikayikira kuti yagona.

"Andijambula pachifuwa," a Yoramu anatero, akutulutsa kabuku kakuchipatala m'thumba la malaya momwe munkakhala paketi. "Akuti si TB. Koma akuti mapapo anga atha ngati ukonde wakale, wongosokerera. Akuti ndikapitiriza, mvula ya chaka chamawa ndidzaimvera pamphasa, yotsatirayo sindidzaimva n'komwe."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri Fyness anakhala akunena zomwezo. Anazinena asanakwatirane, anazinena Rute atabadwa, anazinena tsiku limene ndudu inaboola neti yogonamo n'kutsala pang'ono kuotcha nyumba. Anaitanapo ankhoswe, anaitanapo akuluampingo. Zonsezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Lero kamnyamata kovala jasi loyera, kosamera ndi ndevu zomwe, kanangokweza chithunzi pawindo, basi munthu wamva.

"Zikomo kwambiri," anatero Fyness. "Koma mukanasiya mawa. Usipa ndagula kale."

Kuti mumvetse mawu amenewa, muyenera kudziwa mmene pakhomopo ankagwirira ntchito. Usipa wofutsa umaviikidwa m'madzi owira amchere, n'kuvuulidwa, n'kukayanikidwa pathandala. Ukachedwa m'madzi, mitu imathothoka, mimba kuphulika, umatsala ndi phala. Ukafulumira kuvuula, umaoneka bwino lero, mkuja n'kuyamba kuwola kuchokera m'kati. Amayi ena amaima pamgolo n'kumayang'ana. Fyness nthawi yoimirira sanakhalepo nayo. Pamene ankayamba ntchitoyi, Rute anali kumsana, womuthandiza panalibe, ndipo a Yoramu anali atangotsika m'boti chifukwa cha msana, n'kuyamba kusokera anthu maukonde masana okhaokha. M'mawa wina zinangochitika kuti dengu linalowa pamene iwo ankayatsa, n'kutuluka pamene ankataya chotsalira. Usipa umenewo unatuluka woyera, wopindika pang'ono, mitu yonse ili pamalo pake, moti ogula anaulimbirana.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo linali limodzi: ndudu imodzi, dengu limodzi. Fyness akaviika ankathamangira kuthandala kukayanika dengu lakale, kutsuka lotsatira, kusonkhezera moto, kuyamwitsa amene anali kuyamwa chaka chimenecho, mpaka amve mawu kuchokera pansi pa mango: "Vuula." M'madzimo sankayang'anamo. A Yoramu nawo sankayang'anamo, maso awo ankakhala kumsewu, kuwerenga magalimoto a shuga ochokera ku Dwangwa. Umu ndi mmene ana anayi anakulira, awiri n'kumaliza sekondale.

Tsiku loyambalo Fyness anangoyerekeza. Madengu atatu anatuluka phala, awiri anatuluka aawisi, otsalawo Mulungu ndiye akudziwa. Madzulo anaimbira Rute, mwana wake woyamba amene amasoka zovala ku Dwangwa.

"Amama, nanga foni yanuyo ilibe wotchi?" Rute anafunsa akuseka. "Mungotchera mphindi, ikalira muvuule."

"Mphindi zingati?"

Apa Rute anasiya kuseka. Anafunsidwa a Yoramu, eni ake ndudu, ndipo anayankha mosakayika kuti khumi. Mphindi khumi zinatulutsa phala loti ungadyetse khanda. Fyness anatchera zitatu, ndipo usipa unatuluka ukuoneka ngati ungathe kusambiranso. Anali pafupi kuyesa zapakatikati pamene foni, imene anaimangirira pachitenje chifukwa manja anali onyowa, inapulumuka n'kugwera mumgolo. Anaivuula ndi chipande. Pa zonse zimene zinalowa m'madzimo sabata imeneyo, foni yokha ndi imene inapsa bwino.

A Yoramu nawo anali pa ntchito yawo yosiya fodya, ndipo ntchito imeneyi inkafuna antchito ambiri. Tsiku lachiwiri anakangana ndi tambala. Tsiku lachitatu anati mutu ukuwang'amba, pakamwa pakuwawa, m'mimba mwatseka, ndipo munthu amene anasuntha chitsa chawo adziulule. Chitsacho chinali ndi mizu. Dzanja lawo linkapita lokha kuthumba la malaya, n'kupeza kabuku kakuchipatala, n'kubwerera mwamanyazi. Kutsokomola kunawonjezeka m'malo mochepa, ndipo iwo anati izi zikusonyeza kuti madokotala amasiku ano amangoloweza. Mphuno zinatseguka, anayamba kumva fungo la chilichonse.

"NyaLongwe, pakhomo pano pamanunkha nsomba," anatero tsiku lina ali odabwa kwenikweni.

"Zaka makumi awiri," Fyness anayankha. "Takulandirani."

Njala ndiye musanene. Anatafuna nzimbe mpaka bwalo lonse linayera ndi makoko. Anatsiriza mtedza umene Fyness anasungira mbewu. Akadutsa pathandala ankatola usipa kuponya m'kamwa, n'kumadandaula kuti sunapse bwino. Lamlungu akuluampingo atatu anabwera kudzawalimbikitsa, ndipo anafunika tiyi ndi chinangwa. A Yoramu anawafotokozera za nkhondo imene akumenya, akuluwo akugwedeza mitu. Mmodzi anatembenukira kwa Fyness amene ankatsanulira madzi osamba m'manja.

"Mayi, mapemphero anu ayankhidwa."

"Ayankhidwa kwambiri," anatero Fyness.

Lachiwiri kunabwera Maimuna, mayi wa ku boma amene kwa zaka zambiri ankatenga usipa wa Fyness kupita nawo kumsika wa ku Kasungu. Anafika pathandala, anatola kansomba kamodzi, anakathyola pakati, anakanunkhiza, n'kukabwezera pamalo pake mwaulemu ngati akubweza kalata yolakwika adiresi.

"Asisi, uyu wafutsa ndani?"

"Ine ndemwe."

"Mukudwala?"

"Bambo anasiya fodya."

"Alhamdulillah," anatero Maimuna. Kenako anayang'ana pansi pa mango, anayang'ana mgolo, ndipo nkhope yake inasintha, pakuti dongosolo la pakhomopo ankalidziwa. "Ayi ndithu. Ndiye mutani?"

"Ndikanadziwa bwenzi mukununkhiza chiyani apa?"

"Wallahi, asisi, ine sindikufuna kukusiyani. Koma makasitomala anga amadziwa usipa wanu ndi maso. Uyu ndikapita naye andifunsa ngati ndinamutola pansi. Lachisanu ndibweranso. Akakhala yemweyu, musadzakwiye mukandiona pathandala pa anzanu." Anamanga mpango wake bwinobwino, n'kuwonjeza motsitsa mawu: "Osuta ndi ambiri padziko. Bwerekani mmodzi."

Lachitatu Fyness anabwereka Raston, msuweni wa a Yoramu amene amapita kunyanja ndi boti la ukonde wa chilimira. Raston anabwera mokondwa, pakuti sanamvepo za ganyu yosuta. Anakhala pandowa, dengu linalowa, iye anayatsa. Koma Raston anazolowera kusutira panyanja mphepo ikulanda, moti anakoka katatu basi ndudu yafika pazala. Ndipo a Yoramu, amene Fyness anawatuma dala kunyanja kukatunga madzi, anapezeka aima kumbuyo kwake mbali imene utsi unkalowera, ndowa ili yopanda kanthu, mphuno zili m'mwamba ngati mbuzi yamva madeya.

"Iwe Raston, fodya sasuta choncho," anatero mwachisoni. "Ukumuthamangitsira kuti? Umakoka, n'kumusiya apume, n'kuyang'ana kumsewu. Bweretsa ndikusonyeze kagwiridwe kokha."

Fyness anamupatsa Raston usipa wodzaza mbale n'kumuuza kuti asadzaonekenso pakhomopo ali ndi chilichonse choyaka.

Lachinayi kunacha kuli mitambo kumapiri. Mvula yoyamba inali pafupi, nyengo imene usipa wongoyanika suuma ndipo aliyense amafuna wofutsa. Maboti anabwera odzaza, ndipo Fyness, amene anali atalumbira kuti agula pang'ono, anapezeka wagula madengu asanu ndi limodzi, chifukwa manja anazolowera. Loyamba linatuluka phala. Anaima akuliyang'ana, msana ukuwawa, maso akuyabwa ndi utsi wa nkhuni.

"NyaLongwe," a Yoramu anaitana ndi mawu ofatsa amene anali asanamveke kwa masiku asanu ndi atatu. "Ndakhala ndikuganiza. Ine fodya ndinasiya, zimenezo n'zosabwerera. Koma pali kusuta, pali kugwira ntchito. Mmisiri akagwira sowo sitinena kuti amakonda sowo. Ndikhoza kumayatsa ya ntchito yokha. Osameza utsi. Chifukwa cha ana."

"Chifukwa cha ana."

"Nanga adya chiyani Maimuna akapita kwina?"

Fyness ankadziwa kuti amene akulankhula si amuna ake koma chibaba, njala ija ya fodya imene imaphunzitsa munthu uloya. Koma ankadziwanso kuti loyayo sakunama. Anayang'ana mitambo, anayang'ana madengu asanu otsala, n'kuvala masilipasi.

Okala ya Abdulhamid ili m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pokwerera minibasi. Mwini wake anali akupanga timapaketi ta shuga.

"Ndudu imodzi," anatero Fyness.

Abdulhamid anakweza maso. "Mayi a Rute, ine ndinamva kuti bambo anasiya. Mpaka ndinachepetsa oda."

"Si ya bambo. Ndi ya nsomba."

"Nsomba zayamba liti?"

"Achimwene, mukugulitsa kapena mukufunsa mayeso?"

Anamupatsa. Fyness anaimanga pamfundo ya chitenje, n'kubwerera modutsa kuseri kwa nyumba za anthu kuti asakumane ndi aliyense wa kumpingo.

Anapeza a Yoramu atasonkhezera moto, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane, atakhala pachitsa mowongoka ngati mwana wasukulu tsiku logawa mabuku. Fyness anamasula mfundo n'kuwapatsa. Chifukwa cha phuma, anaiphonya pakamwa koyamba. Machesi panalibe, anali atawataya m'chimbudzi tsiku lija anabwera kunena kuti asiya, choncho Fyness anasolola chikuni pansi pa mgolo n'kubwera nacho.

Moto usanafike, chifuwa chinawagwira. Sikunali kutsokomola kwa masiku onse kuja kodziwitsa anthu kuti akubwera. Kunawapinda pakati, mutu mpaka pamaondo, kukoka mpweya kukulira ngati chitseko cha malata. Ndudu sanaitaye, anaigwira pambali mosamala kuti isathyoke. Fyness anaima ndi chikuni chake akuyang'ana khosi la malaya, mmene linakulira, ndi mafupa awiri aja apansi pa khosi mmene anatulukira. Zaka zonsezi madzulo ankatukwana fodya, m'mawa ankati yatsani. Madengu khumi, ndudu khumi, asanamwe ndi tiyi yemwe. Kamnyamata ka jasi loyera kaja sikanafunse kuti ankawauza kuyatsa ndani, ndipo kanachita bwino.

Chifuwa chitatsika, a Yoramu anapukuta misozi, anabwezera ndudu pakamwa, n'kuloza chibwano kumoto.

"Tandiuzani kaye," anatero Fyness, chikuni chili kutali. "Chibaba chanucho chimachita bwanji?"

"Ufunse tikayatsa."

"Ndikufunsa pano."

A Yoramu anapuma mwamphamvu. "Chimayambira apa," anagwira pamchombo, "n'kumakwera. Chikafika pakhosi chimakola ngati mbedza. Thukuta, manja kuyabwa, munthu aliyense kuoneka ngati wandilakwira. Kenako chimamasula chokha. Dokotala uja anati chili ngati funde la mwera, limakumenya n'kubwerera, ukangolimba pang'ono. Iye sanasutepo."

"Chimabwerera pakatha nthawi yaitali bwanji?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ngati ndudu imodzi."

Fyness anayang'ana dengu, n'kuyang'ananso amuna ake. Kenako anatambasula dzanja, anazula ndudu pamilomo yawo, n'kuiponya pansi pa mgolo pamodzi ndi chikuni. A Yoramu anaiperekeza ndi maso mpaka inapindika n'kuda.

"Mayi iwe," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. Anagwira pamchombo. "Ndi ichi. Chabwera."

"Changoyamba kumene?"

"Changoyamba. NyaLongwe, ndifa."

"Simufa. Chikatha mundiuze."

Anakweza dengu n'kuliviika. Anapita kuthandala kukachotsa phala lija, anatsuka dengu lotsatira, anathamangitsa nkhuku, khutu lili pansi pa mango. Kumeneko kunkamveka kubuula, kukukuta mano, ndi mayina a anthu angapo amene a Yoramu sanawakhululukire kuyambira kale, kuphatikizapo ankhoswe. Kenako kunakhala bata.

"Chatha," anatero, ali thukuta lokhalokha.

Fyness anavuula. Usipa unatuluka woyera, wopindika pang'ono, mitu ili pamalo pake. Anathyola kamodzi, analawa, anameza. Sanamwetulire, pakuti nthawi inalibe malo oikapo zimenezo.

"China chibwera nthawi yanji?"

"Iwe, ndine munthu ine."

"Ndikudziwa. Madengu atsala anayi."

Vuto la wotchi yatsopanoyi linali lakuti inkayamba pamene yafunira. Tsiku loyamba Fyness ankaima ndi dengu m'manja kudikira, madzi akuphwera, nkhuni zikutha. Koma mayi amene analera ana anayi sasowa njira yodzutsira chinthu chogona. Anazindikira kuti chibaba chimabwera a Yoramu akangomaliza tiyi wa shuga wambiri, chifukwa kale tiyi ankatsatiridwa ndi ndudu. Chimabweranso akakhuta, akakwiya, kapena galimoto ya shuga ikadutsa. Koposa zonse, chinkabwera akamva machesi. Fyness anagula bokosi limodzi, osati loyatsira ayi. Dengu likakonzeka ankalitulutsa pachitenje n'kuligwedeza pafupi ndi khutu lawo, tseketseke, a Yoramu n'kugwira pamchombo.

"Ndiwe mfiti," ankatero.

"Chayamba?"

"Chayamba."

Lachisanu Maimuna anathyola kansomba, ananunkhiza, n'kuyang'ana pansi pa mango mokayikira. "Asisi, mwawabwezera pa fodya?"

"Ayi. Akuvutika chabe."

"Azivutikabe choncho," anatero Maimuna akutsegula thumba. "Uyu waposa ndi wakale yemwe."

Masabata atatu otsatira anali abwino. Mvula inagwa, usipa wa anthu ena unawolera pathandala, wa Fyness unkapita ku Kasungu kawiri pa sabata. A Yoramu anapeza ulemu umene sanaudziwepo. Asodzi akadutsa n'kuwaona akubuula atagwira chitsa, iwo ankakweza dzanja kuti asawasokoneze, ali pantchito. Kumpingo anauza anthu kuti banja lawo likudya thukuta lawo, ndipo kwa nthawi yoyamba zinali zoona. Chinthu chimene palibe anachikonza n'chakuti munthu amene chibaba chake chikudikiridwa ndi dengu la nsomba sangathawire ku okala. Amayenera kukhala pompo mpaka chithe, kenako china, kenako china. Pofika masana ankakhala atatopa nacho moti ngakhale dzina la fodya sankafuna kulimva.

Sabata yachisanu usipa unayamba kutuluka wauwisi pang'ono. Fyness anawonjezera nkhuni, anawonjezera mchere, mpaka anazindikira kuti vuto si moto, "chatha" ndi amene akubwera msanga. Anayamba kudikira pang'ono asanavuule. Kenako machesi anayamba kufuna kugwedezedwa kawiri. A Yoramu masaya anali atabwerera, ankapita kunyanja n'kubwerako osaima panjira, ndipo agalu anayamba kuwauwa chifukwa ankafika mwakachetechete ngati mlendo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri zinthu zinasokonekera. Kubuula kunakula kuposa kale, ndi kugubuduza mutu komwe, koma dengu lina linkatuluka phala, lina laliwisi. Fyness anaona kuti munthu wobuulayo thukuta alibe, ndipo pakati pa kubuula dzanja likusenda mtedza. Anadikira kuti a Yoramu apite kaye ku boma kumene anawaitana kukawaonanso.

M'mawa umene anabwerako, madengu khumi anali pamzere ndipo madzi anali akuwira. Fyness anawapatsa tiyi wa masupuni anayi. Anamwa. Anatulutsa machesi, anagwedeza. A Yoramu anatsegula pakamwa kuti abuule, anakumana ndi maso a mkazi wawo, n'kutseka.

"Sichikubwera, NyaLongwe."

Fyness anagwedezanso, khutu linalo.

"Usadzivutitse. Chimabwera mwa apo ndi apo, mwina madzulo, kamphindi chabe. M'mawa chinasiya sabata yatha."

"Ndiye kubuula konse kuja?"

"Ndimati usadandaule."

"Phala la Lachiwiri lija munali inu."

"Ndinkayerekeza. Mwina ndinatalikitsa."

Fyness anayang'ana bokosi la machesi m'dzanja lake, n'kuliika pamwala. Penapake m'kati mwake, pansi pa kutopa, munali chinthu chofunda chimene chinkafuna kukwera, koma anachiuza kuti chidikire, ntchentche zafika kale.

"Ku boma akuti bwanji?"

A Yoramu anawongoka, anatulutsa kabuku. "Akuti ndawonjezera makilo anayi. Akuti zimene zinawonongeka zinawonongeka, koma zotsalazo zikugwira. Anandiuza kuuzira m'kachitoliro, kampira kanakwera mpaka apa. Anaitana anzake kuti adzandione. Akuti mwa anthu khumi amene amawauza, mmodzi yekha ndi amene amamva, ndipo anafunsa kuti chinsinsi changa n'chiyani."

"Munati chiyani?"

"Ndinati kulimba mtima."

"Chabwino," anatero Fyness. "Ndiye kuti mpweya ulipo."

"Ulipo."

"Dzukani. Ine ndiima pamgolo. Inu muzitsuka, muzinyamula, muziyanika. Nkhuni zikachepa, nkhwangwa ili kuseri."

"Koma msana, NyaLongwe."

"Msana unapola Rute asanayambe sukulu. Tengani dengu ilo mukatsuke. Poyanika musaunjike, muzimwaza ngati mukufesa mpunga."

A Yoramu anayang'ana kumsewu ngati kungachokere thandizo. Kunadutsa minibasi yokha. Ananyamuka, anakweza dengu molakwika, madzi ansomba n'kuwatsikira m'malaya oyera amene anavala popita kuchipatala, ndipo ananyamuka nalo akung'ung'udza kuti munthu akachira pakhomo pano ndiye kuti wapalamula.

Fyness anakweza dengu loyamba n'kuliviika. Miyendo yake inafuna kuthamangira kuthandala monga mwa masiku onse, koma anaikaniza. Anaima pomwepo, manja m'chiuno, osadziwa kuti munthu woima amaika kuti manja. Anaweramira mumgolo, anauzira nthunzi pambali. Thovu loyera linkasonkhana m'mphepete. Tinsomba tinkatembenuka, tina tikuyamba kupindika, maso ake akusanduka oyera limodzi ndi limodzi. Chizindikiro chinali pamenepo penapake, amayi ena onse ankachidziwa, koma chinali chiti, thovu, maso kapena kupindikako, iye sankadziwa.

"NyaLongwe," mawu anachokera kuthandala, "madzi otsukirawa atha. Amatunga ndani?"

Fyness anagwira zogwirira za dengu ndi manja awiri, anakweza pang'ono, anayang'ana, n'kulibwezeranso m'madzi. Madengu ena asanu ndi anayi anali akudikira.